Kodi osakhulupirira Mulungu amamuitana zinthu zikathina?

Mwafunsa ngati anthu okana kuti kuli Mulungu amatembenukira kwa Iye zinthu zikafika pothina. Ena amatero ndithu, koma si onse, ndipo tisawanamizire.

Primo Levi, Myuda wa ku Italy, anali mkaidi ku Auschwitz, msasa umene a chipani cha Nazi ankazunzirako ndi kupherako anthu. Mu 1944, ali maliseche pamzere wosankha anthu okaphedwa ndi mpweya wapoizoni, mtima unamukoka kuti apemphere. Anadziletsa, poona kuti kuitana Mulungu amene sankamukhulupirira chifukwa cha mantha okha kukanakhala chinyengo. Christopher Hitchens, mlembi wodziwika wosakhulupirira Mulungu, nayenso anamwalira ndi khansa mu 2011 osasintha maganizo.

Ine ndinamumvapo mnzanga wosakhulupirira akukuwa kuti "Mulungu wanga!" tayala la galimoto yathu litaphulika tili pa liwiro. Titaima, manja ali njenjenje, anati mawuwo anangotuluka okha. Ndinamukhulupirira.