Pepala la ku labotale lati mbewu za amuna anga n'zofooka, kodi basi zatha?

Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 29, ndimakhala ku Namwera. Chino n'chaka chachinayi ndili pabanja koma mphatso sinabwere. Zaka zonsezi chala chakhala chikuloza ine, moti apongozi aakazi afika ponena poyera kuti mwana wawo atenge mkazi wachiwiri. Kuchipatala anandiunika n'kunena kuti sakuona vuto, ndipo anati abambo nawonso akayezetse umuna. Anakana kwa nthawi yaitali, amvekere "ine ntchito ya kuchipinda ndimaigwira bwinobwino." Mwezi watha anavomera. Chifukwa cha manyazi anangokatenga kabotolo n'kubwera nako kunyumba. Tinagwiritsa ntchito kondomu, n'kukhuthulira m'kabotolomo, iwo n'kukwera njinga yamoto kupita ku boma, kumene anafika dzuwa lili paliwombo. Apa n'kuti atangochira malungo. Pepala labwera likuti mbewu n'zochepa ndipo zambiri sizikuyenda. Chibwerereni sakuyankhula, akugona choyang'ana kukhoma. Mayi anga aang'ono akundinong'oneza zoti tipeze fisi mwachinsinsi. Ndithandizeni.

Wothedwa nzeru, Namwera

Mwana wanga,

Pepala limenelo lisungeni, koma musaweruze nalo banja. Momwe wafotokozeramu, umunawo unafika pamaso pa woyeza utaonongeka kale, ndipo ngakhale bambo wa ana asanu ndi awiri akanachita zomwe munachitazo, zotsatira zake zikanatha kuoneka zomvetsa chisoni chimodzimodzi.

Kondomu ija ndiyo inayamba kusokoneza. Makondomu wamba amapakidwa mafuta oterera, ena amakhala ndi mankhwala opha mbewu, ndipo mpira womwe amapangira nawonso umafoola mbewu. Pokhuthulira m'botolo umuna wina umatsalira momwemo, choncho kuchuluka kwake kumaoneka kochepa.

Kenako ulendo. Umuna ukangotuluka umakhala wokhuthara, n'kusungunuka wokha pakapita mphindi 15 mpaka 30, ndipo woyeza ayenera kuyamba kuuona pasanathe ola limodzi chitulukireni. Nthawi yonseyo uzikhala pa kutentha kwa pakati pa madigiri 20 ndi 37. Ndiye uganizire kuchoka ku Namwera, kutsetsereka mapiri onse aja, kuwoloka mlatho wa Shire, kenako kukaima pamzere, kabotolo kali m'chikwama padzuwa la Mangochi. Mbewu zikatenthedwa kapena kuzizidwa, kapena zikakhalitsa, zimasiya kusambira. Woyeza amalemba zimene waona, ndipo ngati sanauzidwe nthawi imene umunawo unatuluka, sangadziwe kuti zinafookera panjira.

Malungo ndiwo ambiri sawaganizira n'komwe. Mbewu ya abambo imatenga masiku pafupifupi 74 kuti ipangike m'machende, n'kuwonjezera masiku ena oti ikhwime m'timachubu tomwe imadutsa. Machende amagwira bwino ntchito akamazizira pang'ono kuposa thupi lonse, n'chifukwa chake ali kunja. Thupi likatentha kwambiri kwa masiku angapo, mbewu zomwe zinali mkati mopangidwa zimaonongeka, ndipo zimenezi zimaoneka pa zotsatira mpaka miyezi itatu. Choncho amuna ako adikire miyezi itatu kuchokera pamene anachira, n'kukayezetsanso. Madokotala nawonso sagamula ndi pepala limodzi, chifukwa mbewu za munthu yemweyo zimakwera ndi kutsika sabata ndi sabata. Pafunika mapepala awiri.

Ulendo uno achite chonchi. Ayambe afunsa kuchipatala chachikulu cha ku boma ngati akuyeza umuna, masiku ati ndiponso nthawi yanji. Ngati sizikutheka, awalembere kalata yopita ku Zomba Central kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo m'mizinda ikuluikulu muli malabotale olipira omwe amayeza. Kulikonse kumene apite, apite okha ndi thupi lawo. Umuna sunganyamulidwe kuchoka ku Mangochi kukafika ku Blantyre uli woyenera kuyezedwa.

Asanakayezetse akhale osatulutsa umuna kwa masiku osachepera 2 ndi osapitirira 7, ndipo kudzikodzera kumaloto kumawerengedwanso. Masiku akachepa umuna umatuluka wochepa. Akachuluka, mbewu zokalamba ndi zakufa zimachuluka. Ndi bwino kuti masiku omwe adikire ulendo uno akhale omwewo ngati atadzayezetsanso, kuti mapepala ayerekezeke bwino. Patsikulo ayambe akodza, asambe m'manja ndi kumaliseche, atsukuluze sopo yense n'kupukuta. Atulutsire mwachindunji m'kabotolo kotakata kukamwa kochokera ku labotale. Botolo la mankhwala kapena la mafuta odzola lotsukidwa kunyumba ayi. Asagwiritse ntchito malovu, sopo, Vaseline kapena mafuta ophikira. Njira yoyamba kugonana n'kuchotsa msanga siyenera, chifukwa madontho oyambirira, omwe amanyamula mbewu zambiri, ndi amene amatayika. Ngati dontho lagwera pambali, anene kwa woyeza popanda manyazi. Anenenso nthawi imene watuluka, masiku omwe anadziletsa, matenda omwe adwala m'miyezi itatu yapitayi ndi mankhwala omwe akumwa.

Malo abwino n'kachipinda ka pa labotale pomwepo. Ngati manyazi awakulira, mupite nonse, mupeze chipinda chogona alendo chapafupi, kabotolo katsekedwe bwino n'kuikidwa m'thumba la malaya kapena mkati mwa lamba, pokhudza thupi, kafike m'mphindi 30. Kasalowe mufiriji kapena m'madzi oundana.

Ndikudziwa kuti abambo ambiri kwathu kuno, Asilamu ndi Akhristu omwe, amaona kudziseweretsa ngati tchimo, ndipo ena amathawa kuyezetsa pa chifukwa chokhacho osachinena. Mkazi wake angathe kumuthandiza ndi dzanja. Aliponso makondomu apadera opangidwira ntchito imeneyi, opanda mankhwala, ngati labotaleyo ili nawo. Amene mtima wake ukukayikabe akafunse shehe kapena abusa omwe amasunga chinsinsi. Kwa amene amasala, tsikulo lisagwe m'mwezi wa Ramadan, popeza kuyezaku kumachitika masana.

Pepala likabwera, manambala ake muwayerekeze ndi omwe bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsa mu 2021. Umuna wonse ukhale mamililita 1.4 kapena kuposa, komwe n'kochepera theka la supuni ya tiyi. Mu mililita imodzi mukhale mbewu zosachepera 16 miliyoni, ndipo mu umuna wonse zosachepera 39 miliyoni. Pa mbewu 100 zilizonse, 42 zikhale zoyenda, 30 zikhale zosambira kulunjika kutsogolo, 54 zikhale zamoyo, ndipo 4 zikhale zooneka bwino mutu ndi mchira. Nambala yomalizayi imagwetsa anthu mphwayi pachabe. Bambo amawerenga kuti mbewu zake zooneka bwino ndi 5 pa 100 n'kuyamba kulira, chonsecho zili bwinobwino. Mbewu zambiri za mwamuna aliyense zimakhala zopindika.

Manambalawa si mpanda wolekanitsa obereka ndi osabereka. Anatengedwa kwa abambo omwe akazi awo anatenga pathupi pasanathe chaka, ndipo ndi malire a m'munsi a gulu limenelo. Wina wa 12 miliyoni amabereka, kungoti mwina zimatenga nthawi. Wina wa 60 miliyoni amavutika. Mukaona mawu akuti oligozoospermia, akunena mbewu zochepa. Asthenozoospermia ndi mbewu zosayenda bwino. Azoospermia ndi pamene sanapeze mbewu ngakhale imodzi, ndipo pamenepo sadikira miyezi itatu, amabwereza msanga atapukusa umunawo m'makina kuti aone zomwe zadikha pansi.

Za "ntchito ndimaigwira" zija, amuna ako sakunama, koma ndi nkhani ina. Mphamvu za kuchipinda ndi kubereka n'zosiyana. Madzi ambiri a umuna amachokera m'tizigawo tina ta mkati, pafupi ndi chikhodzodzo, ndipo mbewu zenizenizo ndi kagawo kochepetsetsa kosaoneka ndi maso. Umuna ungakhale wambiri, woyera, wokhuthara, koma wopanda mbewu. Mtsinje ukadzaza sindiye kuti muli nsomba. Gondolosi ndi zina zimene amagulitsa pamsika kuti n'zamphamvu sizitsegula njira yotsekeka. Pa mabanja omwe akusowa mphatso, pafupifupi theka vuto limakhudzanso mwamuna, ndipo WHO inanena mu 2023 kuti munthu mmodzi mwa anthu 6 alionse amakumana ndi vuto la kusabereka nthawi ina pa moyo wake. Amuna ako si oyamba, ndipo mawu oti anagwa mumpapaya asamveke pakhomo panu ngakhale mwanthabwala.

Pepala lachiwiri likadzaonetsanso vuto, dokotala adzafufuza gwero, ndipo kwa ife a m'mbali mwa nyanja ndikufuna afunse za likodzo. Ambiri timalidziwa ngati matenda a ana okodza magazi, koma mazira a tizilombo take amakhazikikanso m'ziwalo zopanga madzi a umuna. Kafukufuku amene anachitika pakati pa asodzi a m'boma la Mangochi anapeza mazirawo mu umuna. Zizindikiro zake ndi magazi mu umuna, umuna wachikasu kapena wamibulu, kupweteka potulutsa, kapena kupweteka kwa machende, ndipo ena alibe chizindikiro chilichonse. Ngati amuna ako anakulira kunyanja, ku Malombe kapena m'mitsinje, kapena amapita kukagula usipa kudooko n'kulowa m'madzi, apemphe kuti mkodzo ndi umuna ziunikidwe mazira a likodzo. Mankhwala ake ndi praziquantel, omwe amaperekedwa molingana ndi kulemera kwa munthu.

Chinzonono ndi matenda ena opatsirana pogonana, makamaka omwe anachizidwa mwatheka ndi makapisozi a pagolosale, amasiya zipsera zotseka timachubu. Apa ndi pomwe bambo amene anaberekapo ali mnyamata amadabwa kuti lero zikukanika. Mitsempha yotupa ya m'thumba la machende, yomwe kawirikawiri imakhala kumanzere ndipo imamveka ngati mulu wa tizingwe munthu akaimirira, imatenthetsa machende, ndipo opaleshoni imathandiza ambiri. Dokotala adzafunsanso za matsagwidi omwe anatupitsa machende munthu atakula kale, tchende lomwe silinatsike paubwana, opaleshoni ya chophukacho, kuvulala, ndi shuga. Majekeseni a testosterone (mahomoni a chimuna) komanso mankhwala otukumula minofu, omwe anyamata ena amabwera nawo kuchokera ku Joni, amaimitsa kupangidwa kwa mbewu ngakhale munthu akuoneka wadzitho. Fodya, chamba, kachasu ndi kunenepa kwambiri zimatsitsanso mbewu. Zosintha zilizonse zimaoneka pakatha miyezi itatu, osati sabata imodzi.

Sindikunamiza kuti zonse zimachizika. Pali abambo omwe machende awo sapanga mbewu ndipo palibe mankhwala ake. Pali njira zoika mbewu zosankhidwa m'chiberekero kapena kukumanitsa mbewu ndi dzira mu labotale, koma n'zodula ndipo sizipezeka m'zipatala za m'maboma. Zimenezo tidzakambirane mukadzafika pamenepo, panopa simunafike.

Za fisi, mayi ako aang'ono uwathokoze chifukwa chokudera nkhawa, koma uwakanire. Ukhoza kutengako HIV kapena matenda omwe angatseke machubu ako omwe panopa ali bwino. Komanso amuna ako aona kale pepala. Tsiku limene mwana adzafanane ndi munthu wina wa m'mudzi, udzasanduka wolakwa ndiwe, ndipo amene anakunong'oneza sadzakhalapo pabwalo. Mkazi wachiwiri amene apongozi akufuna sangasinthenso kanthu ngati vuto lili m'mbewu. Angodzabwera kudzalozedwa chala pambali pako.

Mtima ungafune kutenga pepalalo n'kukaliponya pamiyendo pa apongozi, ndipo ndikumvetsa, wanyozeka kokwanira. Usatero. Zotsatira za kuchipatala ndi za mwini wake, ndipo mwamuna amene wavulidwa pamaso pa abale ake sadzapondanso pa labotale. Chimene uyenera kupempha n'chakuti iwo eni akauze mayi awo kuti "nkhaniyi tikuyendera kuchipatala tonse awiri, mkazi wanga musamunenenso." Sakufunika kuwonjezera china. Akakanika kunena okha, nkhoswe imodzi yosunga pakamwa iwaperekeze. Zimenezi ndi ngongole yawo kwa iwe, ndipo usachite mantha kuitchula.

Usayambe nkhaniyi muli pabedi kapena pamene ayambana ndi dziko. Sankha nthawi yomwe adya, pakhomo palibe alendo, uwauze kuti wamva kuti kondomu, dzuwa ndi malungo zimaononga zotsatira, ndipo uwasonyeze tsiku pakalendala loti mudzapite limodzi. M'miyezi yodikirayi muzigona m'neti kuti malungo asabwererenso, ndipo thupi likatentha akayezetse malungo tsiku lomwelo. Musamasunge umuna kwa masabata poganiza kuti ukhwima, muzikhala malo amodzi masiku awiri kapena atatu alionse. Mbewu zimatha kukhala ndi moyo m'thupi la mayi mpaka masiku 5 pomwe dzira limangokhala tsiku limodzi, ndipo kwa mayi amene msambo wake umabwera pa masiku 28 alionse, dziralo limatuluka cha pa tsiku la 14 kuwerenga kuchokera tsiku loyamba kusamba. Popita kukayezetsanso mutenge pepala loyamba lija pamodzi ndi buku lako la kuchipatala, kuti dokotala akaone nonse awiri tsiku limodzi.

Azakhali