Nanga SADC inali kuti? Yankho kwa mayi a geni a ku Namwera

Mayi ena a ku Namwera, amene amapikula nandolo ndi chimanga ku Mandimba, kutsidya la malire ku Mozambique, n'kudzagulitsa pa Boma, atumiza imelo yaifupi koma yowawa. Akuti kumapeto kwa 2024, Mozambique itayaka moto chifukwa cha chisankho, geni yawo inaima ndipo mpamba wonse unathera m'mphika. Funso lawo, lonena za SADC, bungwe la mayiko a kummwera kwa Africa, ndi lakuti: "Nanga SADC timaimva pa wailesiyo inali kuti? Si bwino dziko lathu lingotulukamo?"

Kutulukamo ayi, mayi. Koma mkwiyo wanuwo uli ndi pogwira, ndipo kuti timvane tiyambe ndi mmene bungweli linabadwira. Linakhazikitsidwa ku Lusaka pa 1 April 1980 ndi mayiko asanu ndi anayi, likutchedwa SADCC. Nkhani inali ya njanji, misewu ndi madoko, kuti mayikowa achepetse kudalira South Africa ya tsankho. Za demokalase panalibe woziyankhula. Akanayamba ndani? Kuno kunali Kamuzu ndi chipani chimodzi, ku Zambia Kaunda, ku Tanzania Nyerere, kutsidyako Samora Machel. Mawu akuti demokalase, ufulu wachibadwidwe ndi kulemekeza malamulo analowa m'pangano la ku Windhoek mu August 1992, lomwe linasandutsa SADCC kukhala SADC, ife tisanaponye n'komwe voti ya riferendamu ya pa 14 June 1993. Gawo 4 lomwelo la panganoli limanenanso kuti dziko lililonse ndi loima palokha, lofanana ndi linzake. Ndipo zigamulo za atsogoleri zimadutsa onse akagwirizana. Ndiye kuti amene akumunena kuti waba mavoti amakhala nawo pabwalo poweruza mlandu wake womwe.

Anthu ambiri amaganiza kuti oonerera chisankho a SADC ndi apolisi. Sangamange munthu, sangaimitse kuwerenga, sangalamule kuti chisankho chibwerezedwe. Amagwira ntchito motsatira mfundo zomwe zinavomerezedwa ku Mauritius mu 2004 n'kukonzedwanso mu 2015. Amabwera boma la dzikolo likawaitana. Amagawana m'timagulu, kuyendera malo ovotera ochepa chabe mwa masauzande, kuona ngati atsegula nthawi yake, ngati mabokosi amatidwa, ngati kalembera alipo. Pakapita masiku awiri kapena atatu amawerenga chikalata chawo choyamba pamaso pa atolankhani. Vuto lagona pamenepo. Chinyengo cha masiku ano sichichitikira pa mzere wovotera, dzuwa likuswa mtengo, mlendo wovala jekete la SADC akuyang'ana. Chimachitikira pa pepala la zotsatira, likamachoka pa sukulu kupita kumalo ophatikizira, usiku, alendo aja atabwerera ku hotela.

Taonani za kwathu kuno. Pa 21 May 2019 tinavota mwabata, oonerera akunja anayamikira batalo n'kukwera ndege. Tipeksi anatsala. Madando 147 anafika ku MEC. Amene anafafaniza chisankho cha pulezidenti chija si Gaborone, kulikulu la SADC. Anali oweruza asanu a khothi la zamalamulo aakulu a dziko ku Lilongwe, pa 3 February 2020, ndipo khothi la Supreme linagwirizana nawo pa 8 May. Umboni unali mapepala a zotsatira amene anaoneka m'khothi ali ofufutidwa, ena madupuliketi, ena opanda siginecha. Chisankho chobwereza cha pa 23 June 2020 chinachitika m'nyengo ya korona, maulendo a ndege atatsekedwa, ndipo chinayenda ndi maso a Amalawi eni ake. Ine ndimati monita mmodzi wodziwa kuwerenga, amene sachoka pa senta asanalandire pepala lake losainidwa, amaposa basi yodzaza alendo.

Khothi lake SADC inali nalo, ku Windhoek, ndipo munthu wamba ankatha kusumira boma lake kumeneko. Mu 2008 linagamula mokomera Mike Campbell ndi alimi anzake pa mlandu wa minda yolandidwa ku Zimbabwe. Boma la Robert Mugabe linakana kumvera. M'malo modzudzula wokanayo, atsogoleri anaimitsa khothilo mu 2010, ndipo mu 2012 anagwirizana zoti khothi lobwera m'malo mwake lizingomva milandu ya boma ndi boma. Palibe tsiku limene bungweli linadzivula poyera kuposa limenelo. Wogwetsa boma ndi mfuti anamulangapo, monga anaimitsira Madagascar kuyambira 2009 mpaka 2014, chifukwa mfuti imaopsa pulezidenti aliyense. Wobera mavoti amamupatsa moni. Ku Mozambique anavota pa 9 October 2024, ndipo Emmerson Mnangagwa wa ku Zimbabwe, yemwe anali wapampando wa SADC, anayamikira chipani cholamula cha Frelimo zotsatira zisanalengezedwe n'komwe. Venâncio Mondlane wa mbali yotsutsa anakana zotsatira, anthu anadzaza misewu, ambiri anafa, ndipo khothi la kumeneko litatsimikiza kupambana kwa Daniel Chapo wa Frelimo pa 23 December, mabanja masauzande anawolokera ku Nsanje ndi Chikwawa. Inu pa chipata cha malire cha Chiponde munali kudikira.

Komabe zina zasintha, tisaname. Mu August 2023 gulu la SADC lotsogozedwa ndi Nevers Mumba wa ku Zambia linanena poyera kuti chisankho cha ku Zimbabwe sichinafike pa muyezo, ndipo ku Harare anamunyoza koopsa. Pa chisankho cha ku Tanzania cha pa 29 October 2025, mtsogoleri wa gululo anali Richard Msowoya, sipikala wathu wakale, ndipo chikalata chake sichinanyengerere. Zotsatira sizinasinthe konse kuwiriko. Chimene chinasintha n'chakuti mawu analembedwa, ndipo loya, mtolankhani kapena wansembe angathe kuwanyamula n'kuwaonetsa boma lake kuti taonani, anzanu omwe akutero.

Tsono za kutuluka. Titulukire kuti? Mozambique watikumbatira kum'mawa, kummwera ndi mbali ya kumadzulo. Mafuta ndi feteleza zimadzera Nacala, Beira ndi Dar es Salaam. Mzere wa malire anajambula ndi Angerezi ndi Apwitikizi, koma Chiyao cha ku Katuli ndi cha ku Mandimba n'chimodzi, maliro amodzi, zikwati zimodzi. Pa nkhondo ya Frelimo ndi Renamo dziko lino linasunga othawa pafupifupi miliyoni imodzi mpaka mtendere utasainidwa ku Rome mu October 1992. Akuluakulu anati mnzako akapsa ndevu mzimire, koma kwa ife a m'malire ndevu zakezo zalukana ndi zathu. Ngakhale mkangano wa nyanja ndi Tanzania, wochokera ku pangano la 1890 la Angerezi ndi Ajeremani, utabuka mu 2012 unapita m'manja mwa mapulezidenti akale a m'chigawo chino, Joaquim Chissano, Thabo Mbeki ndi Festus Mogae. Sanaumalize, koma palibe asodzi amene anatumizidwa ku nkhondo. Kukambirana kosatha kuli ndi phindu lake.

Zoti muchite pa chipata

Pasipoti ya Malawi sifuna viza ku Mozambique pa ulendo waufupi, koma onetsetsani kuti adinda polowa ndi potuluka, ndipo werengani masiku amene akupatsani. Wa bodapasi asapitirire dera loyandikana ndi malire. Mapepala a COMESA, bungwe la zamalonda la mayiko a kum'mawa ndi kummwera kwa Africa, sagwira ntchito ku Mandimba, chifukwa Mozambique inatuluka m'bungwe limenelo mu 1997. Chogwira ntchito ndi malonda opanda msonkho wa pamalire a SADC amene anayamba mu 2008, koma amafuna satifiketi yotsimikiza kuti katunduyo analimidwa kapena kupangidwa m'dziko la membala, ndipo imachokera mbali imene katundu akuchokera. Zitenje zopangidwa ku China sizisanduka za ku Mozambique chifukwa mwazigula ku Cuamba. Satifiketiyo imachotsa msonkho wolowetsera wokha, VAT imatsala pa katundu amene amalipira VAT. Mbewu zimafunanso chilolezo cha a zaulimi ndi a zamalonda, ndipo malamulo a chimanga amasintha ndi nyengo, choncho funsani a MRA pa Chiponde musanapikule, osati matumba ali kale pa lole. Njira zam'tchire za akabaza zimaoneka zotchipa mpaka tsiku lolandidwa, pamene mulibe lisiti loonetsa aliyense. Ndipo lembani pa khoma chaka chovota cha anzathuwo: amasankha pulezidenti zaka zisanu zilizonse, ndiye china ndi 2029. Kuyambira October wa chaka chimenecho mpaka January wotsatira musasiye mpamba wonse kutsidya, ndipo musapereke ndalama za katundu amene simunamuone.