Kutupa kunsi kwa nsagwada mutajambulidwa ndi CT: kodi ndi matsagwidi?

Mayi wina wanditumizira imelo. Akuti amuna awo anakajambulidwa m'mimba ndi makina a CT, ndipo asanawagoneke pamakinapo anawabaya mankhwala pamtsempha oti zam'kati zioneke bwino. Kutacha, bambowo anadzuka atatupa kunsi kwa nsagwada mbali zonse ziwiri. Funso lawo: "Kodi atengako matsagwidi kuchipatala? Ana ndiwapititse kwa agogo awo?"

Mayi, anawo asiyeni pakhomo. Zimene mwafotokozazi zikufanana kwambiri ndi vuto lomwe madokotala amalitchula iodide mumps. Dzinali ndi losocheretsa, chifukwa matsagwidi enieni amabwera ndi kachilombo ndipo amapatsirana, pomwe apa palibe kachilombo. Madokotala awiri, Sussman ndi Miller, ndi amene analemba za vutoli mu 1956, ataliona pa odwala omwe anabayidwa mankhwala otere pojambula njira ya mkodzo.

Mankhwala aja ali ndi ayodini. Pafupifupi yense amasefedwa ndi impso n'kutuluka ndi mkodzo. Koma tiziwalo topanga malovu tili ndi khalidwe lofanana ndi chithokomiro: timakoka ayodini m'magazi. Akachuluka, timatupa, makamaka tomwe tili kunsi kwa nsagwada ndi kutsogolo kwa makutu. Ena amatupa patangopita mphindi zochepa, ena patatha masiku asanu. Sizichitikachitika, ndipo kawirikawiri kutupako kumaphwa kokha m'masiku ochepa.

Apa ndi pomwe ndikufuna mumvetsetse. Impso zikakhala zofooka, ayodini amachedwa kutuluka m'thupi, ndiye odwala impso ali pachiopsezo chokulirapo cha kutupaku. Bwererani kuchipatala, adokotala akawaone ndi maso, ndipo mukafunse ngati anawayeza impso asanawabaye. Ngati ali ndi shuga kapena BP, musazengereze. Bulufeni asayambe amwa mpaka impsozo zitadziwika kuti zili bwino. Panado, kuthowa ndi kansalu konyika m'madzi ofunda, ndi kumwa madzi (ngati sanawaletse) n'zokwanira.

Koma akayamba kubanika, lilime kapena milomo kutupa, kapena kutuluka zidzolo, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale usiku. Kutentha thupi ndi mafinya nazonso ndi nkhani ina yofunika kupita nayo kuchipatala.

Mukapemphenso kuti alembe m'buku lawo lakuchipatala. Kutupaku kumatha kubwereranso akadzabayidwa mankhwala omwewo, ndipo dokotala wodzawajambula ulendo wina ayenera kudziwiratu.