Tifunseni za Umoyo: Wodwala sitiroko akatuluka m'chipatala

Amayi anga a zaka 68 adadwala sitiroko miyezi iwiri yapitayo ndipo mbali ya kumanja idafa. Pano amangogona. Sabata yatha ndidaona kuti pamwamba pa matako pada ndipo pakutentha. Ndipakepo chiyani? — Mwana wodandaula, Ntcheu

Mwachita bwino kuona msanga. Chimenecho ndi chiyambi cha chilonda cha pogona. Munthu akagonera malo amodzi nthawi yaitali, khungu limapanikizika pakati pa fupa ndi mphasa kapena matiresi, magazi sayenda, ndipo mnofu umayamba kufera mkati. N'chifukwa chake chilonda chotere chikamaonekera kunja chimakhala chitakumba kale pansi. Pa khungu lakuda musadikire kuona kufiira. Malowo amada kuposa khungu lozungulira, amatentha, mwina kulimba kapena kunyezimira.

Musathamangire zopaka. Choyamba amayi asagonerenso pamalopo mpaka patabwerera mwakale. Atembenuzeni maola awiri alionse, usiku womwe, kumanzere kenako kumanja. Akagona chammbali apendekere pang'ono kumbuyo kuti asagonere fupa la m'chiuno. Pilo mmodzi kumsana, wina pakati pa mawondo. Zidendene ndizo zimaiwalika kwambiri. Ikani pilo kapena bulangete lopinda pansi pa miyendo, kuyambira m'munsi mwa mawondo mpaka mu akakolo, kuti zidendene zisakhudze pogona. M'mawa uliwonse powasambitsa yang'anani m'chiuno, zidendene, zigongono, mapewa, makutu ndi kunkhongo.

Potembenuza musawakoke, chifukwa khungu limasupuka. Yalani chitenje chopinda pawiri pansi pawo, anthu awiri agwire uku ndi uku n'kunyamula. Dzanja lakufalo musaligwiritse ntchito ngati chokokera: minofu yogwira phewa lake ndi yofooka, ndiye limaguluka, ndipo ululu wake umatha miyezi.

Mkodzo umafewetsa khungu. Ngati mwayala pulasitiki, pamwamba pake pakhale nsalu, ndipo ikanyowa sinthani pompo. Pukutani khungu mongokhudza ndi nsalu yofewa, pakani Vaseline pang'ono malo amene mkodzo umafika. Pamalo padapo musatikite, ngakhale achibale akulimbikitseni, chifukwa mumaphwanya timitsempha tovulala kale. Spiriti, phulusa ndi ufa wa m'makapisozi zisayandikire.

Pakaphulika, tsukani ndi madzi amchere: supuni ya tiyi imodzi yosasefukira mu theka la lita ya madzi owiritsa amene azizira, atsopano tsiku lililonse. Phimbani ndi nsalu ya pachilonda yoyera, ndipo namwino achione. Mukaona mafinya, fungo, mnofu wakuda bii kapena thupi likatentha, pitani nawo kuchipatala tsiku lomwelo. Chilonda sichipola munthu akamangodya phala loyera, choncho thirani nsinjiro, dzira, mkaka kapena ufa wa soya.

Bambo athu akamamwa madzi kapena tiyi amakhosomola mpaka misozi. Tikawamwetsa atagona zimachepako? — M.B., Area 25

Ayi, kuwamwetsa atagona n'koopsa kwambiri. Sitiroko imafooketsanso minofu yomezera, kotero madzi amalowera njira ya mpweya n'kukafika m'mapapo. Umu ndi mmene chimayambira chibayo, chomwe chimapha odwala sitiroko ambiri.

Akhale tsonga ndithu, atatsamira khoma kapena mpando, mutu utaweramira kutsogolo pang'ono. Zamadzimadzi zimathamanga kukhosi, pamene phala lolimbirapo, nthochi yofinya, maungu kapena yogati zimatsika pang'onopang'ono. Apatseni ndi supuni yaing'ono kumbali ya kamwa imene ili bwino, ndipo dikirani ameze musanawonjezere. Asamayankhule akudya. Akamaliza yang'anani m'tsaya la mbali yofooka, chifukwa chakudya chimabisala mmenemo, muwatsuke m'kamwa, akhalebe tsonga kwa mphindi 30.

Mawu akamamveka ngati muli madzi pakhosi atatha kumeza, siyani kudyetsa. Akayamba kutentha thupi kapena kupuma mothamanga, pitani nawo kuchipatala. Ngati akutsamwa pa chakudya chilichonse, auzeni adokotala. Alipo odwala amene amafunika kudyera m'kapaipi ka m'mphuno kwa kanthawi, ndipo izi sizitanthauza kuti afika kumapeto.

Amuna anga adayezetsa BP n'kupezeka kuti yatsika, ndiye asiya mapiritsi. Kwawo akuti adamenyedwa hamala ya ufiti ndipo akufuna kupita nawo kwa sing'anga. Nditani? — Mayi wa ku Mulanje

BP yatsika chifukwa cha mapiritsiwo, ndipo akawasiya ikweranso mwakachetechete. Vuto la BP n'lakuti nthawi zambiri siimveka m'thupi. Munthu amayenda bwinobwino ili pamwamba pa 140/90, kwinaku ikuwononga mitsempha ya mu ubongo, mpaka tsiku lina umodzi utsekeke kapena kuphulika. Kugwa mwadzidzidzi kumeneku ndiko anthu amati hamala. Amene wadwalapo sitiroko ndi wosavuta kudwalanso, ndiye abwerere ku kiliniki ndi buku lawo la kuchipatala sabata ino.

Afunseni mofatsa chomwe asiyira, chifukwa kawirikawiri pamakhala chifukwa chimene sananene. Mwa mapiritsi a BP, Amlodipine amatupitsa mapazi mwa anthu ena. Enalapril amabweretsa chifuwa chouma chosatha. HCTZ amakodzetsa pafupipafupi, n'chifukwa chake amamwa m'mawa. Zonsezi adokotala angathe kusintha. Akamva kupweteka m'thupi amwe panado. Bufeni, indosidi ndi diclofenac zimakweza BP ndi kuwononga impso. Asipirini asamwe pokhapokha adokotala atawalembera, chifukwa ngati sitiroko yawo inali ya kuphulika kwa mtsempha, asipirini angawonjezere kutaya magazi.

Mchere usapitirire magalamu 5 pa tsiku, muyezo wa bungwe la WHO, womwe ndi pafupifupi supuni ya tiyi imodzi pa zakudya zonse za tsikulo. Werengeraninso nsomba zamchere, zokometsera ndiwo za m'mapaketi ndi soda wa m'therere.

Za achibale, musayambe nkhondo. Pemphani mwinimbumba kapena ankhoswe apite nanu ku kiliniki akamve okha. Pamene simuyenera kugonja ndi apa: mapiritsi asadukize, ndipo asamwe zitsamba zosanzitsa kapena zotsegula m'mimba. Kamwa likapotoka, dzanja likalefuka kapena mawu akasokonekera, ngakhale zithe pakapita mphindi zochepa, ulendo ndi wa kuchipatala nthawi yomweyo.

Ndimasamalira apongozi anga ndekha. Sindigona, bizinesi idaima, ndipo masiku ena ndimawakalipira kenako n'kulira. Kodi ndine woipa mtima? — Mpongozi wotopa, Zomba

Simuli woipa mtima, mwatopa. Kutembenuza munthu maola awiri alionse si ntchito ya munthu mmodzi. Itanitsani msonkhano wa banja ndipo mugawe ntchito ndi maina ndi masiku ake: wogona nawo Lolemba ndani, wochapa ndani, wokatenga mankhwala ndani, ali kutauni kapena ku Joni atumiza zingati za sopo ndi matewera. Mukangoti "tithandizeni" aliyense amavomera, osabwera. Inuyo mupeze usiku wosachepera uwiri pa sabata wogona osadzutsidwa. Amayi a mvano kapena a chigwirizano kumpingo nawonso apatseni ntchito yodziwika akabwera kudzazonda.

Chinanso, musawachitire zonse apongozi. Zimene angathe ndi dzanja labwino, monga kusukusula ndi kudya, achite okha ngakhale achedwe. Mphamvu zimabwerera kwambiri m'miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi yoyamba, ndiye mafizo, masewera olimbitsa ziwalo zofooka, asachedwe. Funsani ku chipatala cha boma cha m'boma lanu, ndipo ku Blantyre kuli Kachere Rehabilitation Centre. Apongoziwo akamalira popanda chifukwa kapena kukana chakudya, uzani adokotala, chifukwa pafupifupi mmodzi mwa odwala sitiroko atatu alionse amadwalanso matenda a kukhumudwa, ndipo chithandizo chake chilipo. Inunso mukaona kuti chakudya sichikulowa ndipo mukungolira masabata awiri kapena kuposa, nenani pa ulendo womwewo kuti akuoneni.