Mafunso Anu: Mwana wosaona akasankhidwa kupita ku yunivesite

Funso: Mwana wanga wamkazi saona chibadwire. Wakhoza bwino MSCE ndipo wasankhidwa kupita ku yunivesite ya boma. Chimwemwe chilipo, koma mtima uli m'mwamba. Akaphunzira bwanji pakati pa anzake openya? Tiyambire pati?
Mayi wa ku Ntcheu

Yankho: Mayi, mwagwira ntchito yaikulu. Tsono musadikire tsiku lotsegulira. Mavuto ambiri a ophunzira osaona amayamba poti sukulu imadziwa za iwo atafika kale pageti, zipinda zitagawidwa, makalasi ataikidwa m'nyumba zosanja.

Lemberani kalata mkulu woona za ophunzira ndi Registrar sabata ino, muphatikizepo kalata ya kuchipatala. Musangoti "saona", nenani zomwe amagwiritsa ntchito: kodi amalemba Braille (zilembo za osaona zowerenga ndi zala) pamakina a Perkins, kapena amatha kompyuta? Pemphani chipinda chapansi, pafupi ndi bafa ndi kodyera, komanso kuti afike masiku angapo anzake asanabwere, wina amuyendetse ndi ndodo yake mpaka njira zonse azidziwe. Ngalande zosavundikira zingathe kumuvulaza.

Ngati mungathe kumupezera laputopu, ikanimo pulogalamu ya NVDA, yomwe imawerenga mokweza zolembedwa. Ndi yaulere, pomwe inzake ya JAWS ndi yogula. Koma apa ndi pomwe zimasokonekera. Aphunzitsi ambiri amajambula masamba a buku n'kutumiza pa WhatsApp. Kwa kompyuta chimenecho ndi chithunzi chabe, imavutika kuchiwerenga bwino. Mwanayo apemphe mphunzitsi aliyense, sabata yoyamba yomwe, kuti azimupatsa manotsi olembedwa mu Word. Apemphenso kuti polemba pabolodi azitchula zimene akulembazo, chifukwa mawu oti "ichi tikachiphatikiza ndi ichi" kwa iye alibe tanthauzo.

Pa mayeso pamafunika maso anu. Pepala liyenera kutembenuzidwa kukhala Braille nthawi ilipo, ndipo zojambula ndi matebulo zifotokozedwe m'mawu. Braille imadya malo ndi nthawi, tsamba limodzi losindikiza limatha kudzaza masamba awiri kapena atatu, choncho nthawi yowonjezera si chifundo ayi, ndi chilungamo. Agwirizane ndi sukulu molemba kuti nthawiyo ndi yochuluka bwanji komanso ndani adzatembenuze mayankho ake kuti wochonga awerenge. Lonjezo lapakamwa limaiwalika tsiku la mayeso. Tsamba lililonse alembepo nambala yake, poti mapepala a Braille amayenda m'manja ambiri asanachongedwe.

Za ndalama, afunsire ngongole ya ophunzira ku bungwe la HESLGB nthawi yofunsira isanatseke. Zikavuta, a Malawi Union of the Blind ndi a FEDOMA, mgwirizano wa mabungwe a anthu olumala, angakuthandizeni kulankhula ndi sukulu.

Funso: Ndimamva kuti atsikana amawasungira malo ku yunivesite. Kodi kumeneku si kupondereza anyamata?
Mphunzitsi wa ku Mchinji

Yankho: Aphunzitsi, lamulo la Gender Equality Act la 2013 limauza boma kuti lionetsetse kuti m'sukulu za ukachenjede amuna kapena akazi asachepere 40 pa 100 aliyense, ndiponso asapitirire 60. Limateteza mbali zonse ziwiri. Musalisokoneze ndi kota ija yosankha ophunzira potengera boma lochokera, yomwe inathetsedwa mu 2020. Ndipo mtsikana salowa wopanda makirediti asanu ndi limodzi a MSCE, kuphatikizapo Chingerezi, monganso mnyamata.

Ife tikuona kuti nkhondo yeniyeni ili kwa inu komweko. Mtsikana wa pa CDSS yopanda labotale, amene amayamba watunga madzi asanapite kusukulu, akasiya Physics ndi Chemistry mu Fomu 3 ndiye kuti wadzitsekera yekha khomo la udokotala ku yunivesite ya KUHeS ndi la uinjiniya ku yunivesite ya MUBAS kapena ya MUST, iye osadziwa. Khalani nawo pansi a Fomu 2 asanasankhe maphunziro, muwawerengere zimene kosi iliyonse imafuna. Pofunsira malo kudzera ku NCHE, bungwe loona za maphunziro a ukachenjede, aunikireni kuti asadzaze fomu yonse ndi makosi olimbirana okhaokha, aikepo ndi ena ogwirizana ndi magiredi awo.