Ku Prince Edward Island ndi mayi: musathere masiku onse ku Cavendish

Achemwali, mwafunsa ngati masiku anayi angakwane kuchoka ku Halifax kukaonetsa mayi anu chilumba cha Prince Edward Island, komanso ngati kuli zina zoona kupatula nyumba ya Anne ija, ya m'buku la Anne of Green Gables, imene ili ku Cavendish. Akwana, bola mukhale ndi galimoto. Ndi chigawo chaching'ono kuposa zonse ku Canada, koma magombe abwino ali kutali ndi kumene basi zimadutsa.

Popita kwerani boti lonyamula magalimoto padoko la Caribou, limakatsitsa ku Wood Islands pachilumbapo pakatha mphindi pafupifupi 75. Pobwerera dzerani pa Confederation Bridge, mlatho wa makilomita 12.9 umene unatsegulidwa mu 1997. Polowa simulipira kalikonse, ndalama amatenga potuluka. Mukangotsika botilo mayi adzayamba kuloza pawindo, chifukwa dothi lake ndi lofiira ngati katondo ndipo minda ya mbatatesi ili mbali zonse za msewu.

Ku Cavendish pitani, koma theka la tsiku lakwana. Musanafike muwafotokozere mayi nkhani yake, apo ayi adzangoona nyumba yoyera ya denga lobiriwira n'kufunsa kuti tabwerera chimenechi? Lucy Maud Montgomery anabadwa mu 1874 ku New London, mayi ake anamwalira iye asanakwanitse zaka ziwiri, ndipo analeredwa ndi agogo ake ku Cavendish komweko. Buku lake la Anne of Green Gables linatuluka mu 1908. Limanena za mtsikana wamasiye, dzina lake Anne, amene anatumizidwa molakwika kwa bambo wina ndi mlongo wake, omwe ankafuna mnyamata wowathandiza kumunda. Nkhani ya mwana wamasiye mayi aimva msanga. Nyumba imene amaonetsayo sinali ya Montgomery, inali ya achibale ake, koma manda a wolembayu ali pafupi. Mukakumana ndi alendo a ku Japan musadabwe, bukuli analimasulira m'chinenero chawo mu 1952 ndipo amalikonda kwambiri.

Tsono chakudya. Kugombe la kumpoto, kumene kuli Cavendish, lobster (nkhanu yaikulu ya m'nyanja) amagwira mu May ndi June, ndiye mukapita nthawi imeneyo mudzaona maboti akutsitsa padoko la North Rustico. Madzulo amodzi kadyeni lobster supper ku New Glasgow. Amayamba ndi supu wa nsomba ndi mussels (nkhono za m'nyanja), ndiye musakhutiretu, lobster imabwera pambuyo. Ma oyster a ku Malpeque, mtundu winanso wa nkhono, ndi otchuka, koma amadya osaphika. Munthu wozolowera chambo chowotcha bwino musamukakamize. Ine ndinameza imodzi kuti ndisachite manyazi, yachiwiri ndinakana. Mayi aitanitsireni nsomba yokazinga ndi tchipisi, mbatatesi yake ndi ya pompo.

Tsiku lina lonse lisungireni kum'mawa, ku Basin Head, kumene mchenga umalira mukamaukhwekhwereza ndi mapazi. Ku Charlottetown, likulu la chilumbachi, maola awiri akwana. Kumeneko ndi kumene atsogoleri anakumana mu 1864 kukambirana zopanga dziko la Canada, ngakhale kuti chilumbachi chinadzalowamo mochedwa, mu 1873.

Malo ogona sungitsiranitu ngati mukupita mu July kapena August, amadzaza msanga ndipo mitengo imakwera. Mayi atengereni juzi, mphepo ya kunyanja madzulo imalowa m'mafupa ngakhale masana kutenthe bwanji.