Kodi William Faulkner ankanyoza akufa?

Mayi ena amene anaferedwa amayi awo chaka chatha andilembera pa imelo. Akuti mnzawo anawapatsa buku la William Faulkner, mlembi wa ku America, lotchedwa As I Lay Dying, koma atafika pakati analitseka mokwiya, ndipo akufunsa ngati mlembiyu ankanyoza akufa komanso ngati n'koyenera kulimaliza. Mayi, pepani kwambiri chifukwa cha zovuta zimene zinakugwerani. Mkwiyo wanu ndikuumvetsa, koma sindikugwirizana nawo.

Bukuli linatuluka mu 1930, ndipo Faulkner analilemba pamene ankagwira ntchito ya usiku pamalo opangira magetsi a University of Mississippi. Nkhani imayamba Addie Bundren ali gone kudikira imfa, mwana wake Cash akukhoma bokosi pafupi ndi zenera, n'kumakweza matabwa m'mwamba kuti amayi ake awaone. Addie anali atalonjezetsa mwamuna wake Anse kuti akamuike kutauni ya Jefferson, kumene kunagona abale ake. Banjalo limanyamula mtembo pa ngolo, limapeza milatho itakokoloka ndi madzi osefukira, nyulu zawo zimamira mumtsinje, Cash amathyoka mwendo, ndipo masiku akamapita miimba imayamba kuwatsatira chifukwa cha fungo.

Ndikukhulupirira kuti chakupwetekani kwambiri si fungolo ayi, koma mitima ya anamfedwa. Anse akufuna kukagula mano oikirira kutauni. Mwana wamkazi, Dewey Dell, ali ndi pakati ndipo wabisa madola 10 oti akagulire mankhwala ochotsera mimba. Ngakhale Cash, yemwe ndi wokhulupirika kuposa onse, akulakalaka galamafoni. Aliyense wakwera ngolo ya maliro atasenza zofuna zake.

Zimenezi ndinaziona ndi maso anga bambo anga atamwalira kutauni m'nyengo ya dzinja. Tinanyamula thupi lawo pa lole kupita kumudzi ku Dedza, ndipo titasiya msewu wa phula loleyo inatitimira m'matope. Amuna tonse tinatsika kukakankha, amayi anapitiriza kuimba nyimbo za maliro atagwira bokosi kuti lisatsetsereke. Tili m'matope momwemo, m'bale wina wa bambo anandiyandikira n'kundifunsa monong'ona kuti makina osokera a malemu atenga ndani. Usiku umenewo kuseri kwa nyumba ya siwa kunabuka mkangano pa kope lolembamo chipepeso, pamene adzukulu ankadandaula kuti ufa ndi ndiwo zawo zachepa. M'mawa mwake, pofotokoza mbiri ya malemu, onse analankhula mawu okoma ndipo analira kuchokera pansi pa mtima. M'bale uja analira kuposa tonse, ndipo misozi yake sinali yachiphamaso, pakuti anawakondadi bambo anga, komanso anali ndi ana amene anabwezedwa kusukulu chifukwa chosowa fizi. Zonse ziwiri zinali mumtima umodzi nthawi imodzi, ndipo sindinapezepo buku lina limene linazinena momveka bwino ngati la Faulkner.

N'chifukwa chake ndimakana kwamtuwagalu maganizo akuti mlembiyu ankanyoza akufa. Wonyoza sakanalemba za Vardaman, mwana wamng'ono wa Addie, amene poopa kuti amayi ake akubanika amaboola chivundikiro cha bokosi kuti mpweya ulowe, osadziwa kuti chitsulocho chafika pankhope yawo. Ndi nkhani yowawa kuiwerenga, koma aliyense amene anayesapo kufotokozera mwana tanthauzo la imfa adziwa kuti Faulkner ankamumvera chisoni mwanayo. Komanso m'buku la mitu 59, lofotokozedwa ndi anthu 15, wapereka mutu umodzi kwa Addie mwiniwake atamwalira kale, kuti anene yekha za kusungulumwa kwake m'banja, za mwana wake Jewel amene anabereka ndi m'busa Whitfield, ndi za zimene bambo ake ankamuuza, zoti cholinga cha moyo n'kukonzekera kukhala wakufa kwa nthawi yaitali. Amoyo onse akulankhula za iye, koma palibe amene ankamudziwa. Kumulola kulankhula ndi ulemu waukulu kuposa kumuyamikira pamanda.

Imfa sinachoke m'zolemba za Faulkner. M'buku la 1929, The Sound and the Fury, mnyamata Quentin Compson amadzimiza mumtsinje ali wophunzira pa yunivesite ya Harvard, ndipo m'nkhani yaifupi ya A Rose for Emily mayi amasunga mtembo wa chibwenzi chake pabedi kwa zaka zambiri. Anthu a m'nkhani zake satha kusiyana ndi akufa. Iye mwini anataya mwana wake woyamba, Alabama, mu 1931 atangokhala ndi moyo masiku 9, ndipo mng'ono wake Dean anafa pangozi ya ndege mu 1935.

Anse yekha ndiye sindimukhululukira. Amagulitsa hatchi ya Jewel, amalanda ndalama za Dewey Dell, ndipo nthawi zonse amabisala kumbuyo kwa lonjezo lake kwa malemu. Anthu otere, amene amapondereza amoyo m'dzina la womwalira, Faulkner amawaika poyera popanda kuwateteza.

Nanga mulimalize?

Inde, koma musadzikakamize ngati chilonda chidakali chachiwisi. Mukaliyambanso, dziwiranitu kuti mapeto ake satonthoza: Darl, mwana wina wa Addie, amene anayatsa khola mmene munali bokosi pofuna kuthetsa ulendowo, amatengedwa kupita kuchipatala cha odwala misala ku Jackson, ndipo Anse amabwera ndi mano atsopano pamodzi ndi mkazi wina Addie atangoikidwa kumene. Werengani mutu wa Addie kawiri musanafike kumeneko, ndipo mudzandilembere zimene mwamvamo.